Mlandu wa Manja ndi Miyendo pa Kusambira kwa Chule

Pali chiphunzitso china chimene chafala pa madamu ndi m'maiwe a kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, chimene akulu amapatsira ana ndipo ana amapatsirana okhaokha, chakuti munthu wofuna kusambira chafufumimba monga achitira chule ayenera kukhala wa manja amphamvu, apalase mofulumira, ndipo asalole konse kuti nkhope yake ikhudze madzi. Ine amene ndakhala zaka zambiri pamphepete pa dziwe kuphunzitsa ana ndi akulu omwe kasambiridwe kameneka, komwe m'mipikisano amakatchula kuti breaststroke, ndatopa nacho chiphunzitsocho, ndipo lero ndati ndichizenge mlandu poyera, pamaso pa inu nonse owerenga.

Chimene chandiutsa mtima ndi zimene ndidaona m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pa damu lina kufupi ndi Mponela. Mphunzitsi wina wa mtima wabwino, pokonzekera kupita ndi ophunzira ake kukaona nyanja ku Senga Bay, adaganiza mwanzeru kuti ayambe wawazoloweza madzi. Pakati pawo padali mnyamata wa msinkhu wa sitandade 8, wa mapewa otambalala, amene khasu ndi mitolo ya nkhuni zidamuumba bwino, ndipo pamene mphunzitsi ankafuula kuti, "Koka! Koka mwamphamvu! Mutu m'mwamba!" mnyamatayo adakokadi ndi moyo wake wonse, madzi nachita thovu, koma asadapite patali adaimirira ali wefuwefu, maso ali psuu. Nditapereka moni ndi kupempha kuti, "Zikomo aphunzitsi, mundibwereke mwanayu pang'ono," iwo adandiyankha mwaulemu koma motaya mtima kuti, "Yesani bambo, komatu ife akumapiri madzi sitiwatha, izi n'za anzathu akunyanja." Mawu amenewo adandipweteka kuposa kulephera kwa mwanayo, pakuti mwana amene adauzidwa zolakwika, nazichita mokhulupirika, ndiye ankasenzetsedwa mlandu pamodzi ndi mapiri amene adabadwiramo.

Bodzali lili ndi gwero lake, ndipo gwerolo ndi maso a munthu woima pamtunda. Iye amaona manja akutambasuka, amaona mutu ukutuluka, koma miyendo, imene ikugwira ntchito yaikulu, yabisika pansi, makamaka m'madzi amatope a m'madamu athu. Motero amabwerera kwawo atakhulupirira kuti waona chinsinsi chonse. Ngakhale mneneri Yesaya, m'mutu 25, pofanizira Moabu ndi munthu wosambira, adatchula manja osati miyendo. Koma ife amene timalowa pansi pa madzi kukayang'ana ophunzira athu tidziwa kuti mwa mitundu inayi ya kasambiridwe ka mpikisano, uwu ndiwo umene miyendo ili ndi gawo lalikulu koposa, ndipo munthu wa manja ofooka amene miyendo yake idaphunzitsidwa bwino adzasiya kumbuyo chiphona chodalira mapewa.

Tiyambe ndi madzi enieniwo. Madzi amalemera kuposa mpweya kuwirikiza pafupifupi ka 800, ndipo ali ndi khalidwe limene ife timalitcha drag, ndiko kukaniza kwawo chinthu chilichonse chofuna kuwapyoza. Munthu akawonjezera liwiro lake kawiri, kukanizako kumakula pafupifupi kanayi. M'kasambiridwe kena manja amabwerera kutsogolo kudzera m'mwamba, mumpweya, koma mu breaststroke manja ndi miyendo yomwe imabwerera kudzera m'madzi, molimbana ndi ulendo wa mwini wake, ndipo n'chifukwa chake kasambiridwe kameneka ndiko kochedwa pa onse. Pan Zhanle wa ku China adatha mamita 100 a freestyle m'masekondi 46.40 ku Paris mu 2024, pamene Adam Peaty wa ku Britain, amene palibe adamuposa pa mamita 100 a breaststroke, adatenga masekondi 56.88 ku Gwangju mu 2019. Popeza tsono madzi amalanda msonkho waukulu chotere nthawi iliyonse munthu akapinda mkono kapena bondo, luso lonse lagona pa kuchepetsa nthawi imene thupi lili lopindika ndi kuchulukitsa nthawi imene lili lowongoka. Ndipo wopalasa mofulumira popanda dongosolo amangochulukitsa msonkhowo.

Miyendo iyende motere. Zidendene zibwere pang'onopang'ono cha kumatako, mawondo asatalikirane kupitirira kutambalala kwa mapewa, ndipo ntchafu zisakokeredwe pansi pa mimba, pakuti ntchafu zikaima chilili zimatseka njira ya madzi ndipo munthu amaima pomwepo. Zidendene zikafika, mapazi atembenukire kunja, zala zake zitakokeredwa cha kumsongolo. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amalephera, chifukwa phazi lowongoka limangobaya madzi osagwira kanthu, pomwe phazi lotembenuzidwa limakankha madzi ndi mkati mwake ndi mkati mwa mwendo. Kenaka miyendo ikankhe chakumbuyo mozungulira pang'ono, liwiro likukulirakulira, kufikira mapazi atakumana. Timati whip kick, kutanthauza kukankha kumene kumayamba mofatsa n'kumalizira mwamphamvu. Ambiri amasiya miyendo ili tang'a osaitseka, nataya gawo lokoma la ntchito imene aivutikira kale. Ena amagonera mbali imodzi, mwendo wina kutsogolo wina kumbuyo. M'mpikisano ameneyo amachotsedwa, pakuti malamulo a World Aquatics amafuna kuti miyendo iwiri iyende pamodzi.

Manja ntchito yawo ndi yaing'ono kuposa mmene anthu aganizira. Atambasuke kupitirira mapewa pang'ono, zikhatho zikuyang'ana kunja ndi pansi, kenaka akokere mkati n'kukumana kutsogolo kwa chifuwa, pansi pa chibwano, ndipo asaime pamenepo koma aponyedwe kutsogolo msanga. Mnyamata wa ku Mponela uja ankakoka manja mpaka m'chiuno, poganiza kuti kukoka kwakutali ndiko mphamvu. Koma manja akafika m'chiuno ulendo wake wobwerera ndi wautali, ndipo zonse zimene adapindula pokoka amazibweza pobwerera. Malamulo omwe amaletsa kupitiriza manja m'chiuno, kupatula kamodzi poyamba mpikisano ndi potembenuka pakhoma.

Tsono ndifike pa chimene ndimachilalikira kuposa zonse, ndicho dongosolo la nthawi. Manja akoke, munthu apume, miyendo ikankhe, thupi liwongoke. Zinayi zimenezi zitsatane, zisachitikire pamodzi, pakuti akulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Aliyense wa kuno kwathu adakwerapo njinga m'zitunda za pakati pa Dowa Boma ndi Mvera, ndipo adziwa kuti wopalasa atagwira mabuleki amatuluka thukuta pachabe, ndi kutinso ukapalasa bwino pali kanthawi kamene umaleka, njinga n'kumapita yokha. Wokoka manja pamene miyendo yapindika, kapena wokankha miyendo pamene manja akadali otambalala, ndiye wopalasa atagwira mabulekiyo. Ndipo kanthawi koleka kaja ndiko timati glide: miyendo itatsekeka, manja ali kutsogolo, mutu uli pakati pa mikono, thupi lonse lili chingwe chimodzi, munthu osachita kanthu koma akupita. Wophunzira amaopa kanthawi kameneka kwambiri, chifukwa mtima umamuuza kuti akaleka kugwedezeka amira, ndipo palibe mawu a mphunzitsi amene angachotse mantha amenewo kufikira iye mwini atalawa kuti madzi amunyamula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimauza oyamba kumene kuti awerenge mumtima kufika pa ziwiri asanakokenso, ndipo ambiri amadabwa kuona kuti pochita zochepa afika msanga, mpweya ukadalipo.

Wina amene adaonera Peaty pa kanema adzanditsutsa kuti manja ake amathamanga kwambiri ndipo saoneka akudikira. Ndi zoona, pa mtunda waufupi akatswiri amafupikitsa kanthawiko; koma muyang'anitsitse chithunzicho chikamayenda pang'onopang'ono, mudzaona kuti pa kukoka kulikonse thupi lake limafika powongoka lisanapindikenso. Adayamba waphunzira kuwongoka, liwiro lidadza pambuyo.

Za mutu, mbiri yokha ikwanira kutsutsa chiphunzitso chija. Ku Melbourne mu 1956, Masaru Furukawa wa ku Japan adapata mendulo ya golide pa mamita 200 posambira mbali yaikulu ya mtundawo ali pansi pa madzi, chifukwa adazindikira kuti pansipo thupi lowongoka limathamanga kuposa pamwamba. Ndipo popeza ena pomutsanzira ankakomoka posowa mpweya, olamula masewerawa adaletsa mchitidwewo. Kwa zaka zambiri pambuyo pake lamulo lidali lakuti mutu usamire, kufikira 1987 pamene adalola kuti uzilowa m'madzi, bola uzituluka pa kukoka kulikonse. Mike Barrowman wa ku America, pophunzitsidwa ndi József Nagy wa ku Hungary, adagwiritsa bwino ntchito ufulu umenewu ndi kasambiridwe koyenda ngati funde, napambana pa mamita 200 ku Barcelona mu 1992. Chifukwa chake n'chapafupi: mutu ndi wolemera, ndipo ukaimikidwa m'mwamba chiuno chimamira, thupi limayenda chopendekeka, khosi ndi msana zimapweteka. Mpweya uzitulutsidwa m'madzi, m'mphuno ndi m'kamwa, kuti pamene manja akukokera mkati ndipo mapewa akwera okha, ntchito yotsala ikhale kungokoka mpweya watsopano. Sindikana kuti kusambira mutu uli m'mwamba kuli ndi malo ake. Wopulumutsa mnzake ayenera kumuona, ndipo woyang'ana gombe ayenera kudzutsa maso. Koma chimenecho ndi chida cha tsiku la tsoka, ndipo amachigwira bwino ndi amene adayamba waphunzira kuika nkhope m'madzi.

Kunena kuti luso limeneli ndi la mtundu wina wa anthu ndiko sindikulola. Anansi athu a ku South Africa alitenga kukhala lawo: Penny Heyns adapambana pa mamita 100 ndi 200 omwe ku Atlanta mu 1996, Cameron van der Burgh pa mamita 100 ku London mu 2012, ndipo Tatjana Schoenmaker adaswa mbiri ya dziko lonse pa mamita 200 ku Tokyo ndi mphindi 2 ndi masekondi 18.95, nadzatenganso golide wa mamita 100 ku Paris mu 2024 akutchedwa Tatjana Smith. Onsewa adaumbidwa ndi aphunzitsi ndi maiwe osambiramo. Ana athu, monga Joyce Tafatatha ku London mu 2012 ndi Ammara Pinto ku Rio de Janeiro mu 2016, adaimirira Malawi pa mamita 50 a freestyle, ndipo Lilongwe, amene sali kutali ndi Dowa, adalandira masewera a achinyamata a Region 5 mu Disembala 2022. Ine ndilakalaka tsiku limene a Malawi Aquatic Union adzakwera kuno kumapiri kudzayang'ana miyendo ya ana amene amatsika ndi kukwera zitunda tsiku ndi tsiku popita kusukulu, pakuti m'mera mpoyamba, ndipo akakolo a mwana amafewa msanga kuposa a munthu wamkulu.

Kwa amene afuna kuyesa, nazi zochepa, ngakhale kuphunzira kusambira m'nyuzipepala kuli ndi malire ake. Yambani pamtunda, mutakhala pampando, kuzoloweza mapazi kutembenukira kunja. M'madzi ofika m'chiuno, gonani chagada manja ali m'mbali ndi kukankha miyendo, mukuyang'anira kuti mawondo asatuluke pamwamba. Pambuyo pake yesani kukankha kawiri pa kukoka kumodzi, ndipo muziwerenga kuti mwakoka kangati pa mtunda womwewo. Chiwerengero chikamatsika, mukupita patsogolo. Bondo likayamba kupweteka cha mkati, lekani, chepetsani kutangadza, ndipo likapitirira kaonaneni ndi achipatala, chifukwa matupi amasiyana ndipo si aliyense amene mawondo ake amalola msanga. Musasambire nokha, ndipo ana asalowe m'madzi popanda wamkulu wodziwa kusambira amene maso ake ali pa iwo. Madzi odikha a m'madamu ndi m'madambo kawirikawiri amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo, choncho wosambiramo akayezetse. Ndipo mu Bua muli ng'ona.

Chotsiriza ndi cha mitsinje ya nthawi ya dzinja. Matthew Webb, munthu woyamba kuwoloka nyanja ya pakati pa England ndi France posambira popanda chomuthandiza kuyandama, adachita zimenezi mu Ogasiti 1875 ndi kasambiridwe komweka, kuchokera ku Dover kukafika ku Calais, kwa maola pafupifupi 22. Koma mu 1883 munthu yemweyo adafera m'mathithi a mtsinje wa Niagara poyesa kuwasambira. Zonse ndalongosola pamwambapa ndi za madzi odekha. Bua kapena Lingadzi wa mu Febuluwale, akadzaza n'kumakokolola mitengo ndi mapesi, sawolokedwa ndi breaststroke kapena kasambiridwe kena kalikonse, ndipo mwana wochokera kusukulu auzidwe kuti adikire madzi aphwe kapena azungulire pa mlatho.