Dzina la Chomera Chobwera: Phunziro Lochokera ku Shimabala ndi Mtsinje wa Kafue

1. Mawu otsogolera

Munthu wochoka ku Lusaka kulowera kummwera amadutsa pa Shimabala, dera la miyala ya laimu, asanafike m'tauni ya Kafue ndi pa mlatho wa mtsinje wa dzina lomwelo. Mtsinjewu wasautsidwa kwa zaka zambiri ndi chomera choyandama chimene anthu a m'derali amachitchula m'Chingerezi kuti Kafue weed. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti dzina la chomera chobwera lingathe kuchenjeza anthu, lingathenso kuwagoneka tulo, ndipo mphunzitsi wa Chinyanja ayenera kulisankha mosamala.

2. Dzina lobisa choopsa

Tiyambe ndi chitsanzo chakutali. Duwa lotchedwa baby's breath, limene akatswiri amati Gypsophila paniculata, kwawo ndi kummawa ndi pakati pa Ulaya mpaka ku Asia. Linatengedwa kupita ku North America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kuti likakongoletse minda, koma linathawa m'mindamo. Muzu wake umazama mpaka mamita 4, ndipo tsinde limodzi lingabale mbewu zoposa 10,000. Likauma limathyoka n'kumagubuduzika ndi mphepo, likumwaza mbewuzo. Lero likupanikiza zomera za mbadwa pa milu ya mchenga ya m'mbali mwa nyanja ya Michigan.

Dzina la akatswiri likuchokera ku Chigiriki ndipo likunena zoona: chomera chokonda dothi la choko kapena laimu. Dzina la Chingerezi likungotamanda kufewa kwa timaluwa take toyera. Womasulira akalitembenuza liwu ndi liwu nati "mpweya wa khanda", ndani angaganize zolizula?

3. Dzina losokoneza kwawo kwa chomera

Chomera cha mu Kafue, Eichhornia crassipes, chinachokera ku chigwa cha Amazon ku South America, ndipo nachonso chinafalitsidwa ndi anthu okopeka ndi maluwa ake. Pamadzi odzala ndi fetereza wokokoloka m'minda ndi zonyansa za m'matauni, chingathe kuwirikiza kawiri m'milungu iwiri yokha. M'zaka za m'ma 1990 chinaphimba mbali zina za mtsinje, nichitsekereza mabwato a asodzi, nichiopseza malo opopera madzi a mzinda wa Lusaka ndi malo opangira magetsi a Kafue Gorge.

Dzina lakuti Kafue weed likuchenjeza, pakuti likuti ichi n'chomera chosafunika. Koma likuphunzitsanso bodza. Mwana wa ku Shimabala akalimva amayesa kuti chomeracho n'chobadwira mumtsinjemo, motero saona kuti ndi manja a anthu amene anachibweretsa, ndiponso kuti manja omwewo angathe kuchisamutsira ku damu la kumudzi.

4. Dzina lojambula maonekedwe

Ku Malawi, kumene chomera chomwechi chavutitsa pa mtsinje wa Shire, anthu amati namasupuni. Liwuli lili ndi zigawo zitatu: na-ma-supuni. Tsinde lake, supuni, ndi liwu lobwereka ku Chingerezi. Ma- akuonetsa kuchuluka. Na- ndi mphatikira yemwe timapezanso mu namzeze, nankafumbwe ndi namsongole. Tsamba la chomerachi pamodzi ndi phesi lake lifanadi ndi supuni, choncho ngakhale mwana angachizindikire asanauzidwe. N'zochititsa chidwi kuti chomera chachilendo chinatchulidwa ndi liwu lachilendo, koma lovekedwa chovala cha Chinyanja. Chimene dzinali silinena ndi kuipa kwa chomeracho. Kumeneko kumatsalira mphunzitsi.

5. Kubwera si mlandu

Pano pali msampha wina. Sitingati chomera chilichonse chobwera n'choipa, pakuti chimanga ndi chinangwa nazonso zinachokera ku America. Kusiyana kwake n'kwakuti chimanga chimadikira khasu la mlimi, pamene namasupuni amadzifalitsa yekha, atasiya kwawo tizilombo timene timamudya. N'chifukwa chake akatswiri anaitanitsa tizilombo ta mtundu wa anankafumbwe, totchedwa Neochetina, n'kutitulutsa mu Kafue ndi mu Shire. Motero tiyenera kukhala ndi mawu awiri: "chomera chobwera", kunena za kumene chinachokera, ndi "chomera cholanda malo", kunena za khalidwe lake.

6. Mathero

Tikupempha aphunzitsi ndi olemba mabuku a sukulu kuti achite zitatu: alandire liwu lakuti namasupuni ngakhale kuno ku Zambia, asatembenuze mayina a maluwa liwu ndi liwu, ndipo potchula chomera cholanda malo, anene kwawo ndi njira imene chinadzera. Mbewu za namasupuni zimakhala zamoyo m'matope kwa zaka zoposa 15, choncho ana amene ali m'kalasi ku Shimabala lero adzakumana nacho atakula.