Mwala wa agogo uja si wa maziko

Mukayenda mu Malangalanga Road ku Old Town, phokoso la galayinda silisowa: zikwanje, nkhwangwa ndi mipeni ya mabutchala zikunoledwa. Koma magetsi akathima, ntchito imabwerera kwa mwini wake, mwala wonolera, womwe ena amati nolo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ambirife sitiudziwanso. Agogo akatisiya, mwala wawo timatsekera chitseko kapena kuuponya m'maziko a nyumba. Chonsecho mwala uliwonse umanena wokha ntchito yomwe unkagwira.

Yambani ndi maonekedwe. Mwala waukulu, wolowa pakati ngati mbale, si nolo ayi. Imeneyo ndi mphero yoperera mawere ndi mapira, ndipo imakhala ndi kamwana kake kogwira m'manja. Kamwala kobulungira, kosalala mbali zonse, nthawi zambiri ndi nkhulungo ya amayi oumba mbiya. Nolo amakhala wotalikirapo, wodyeka mbali imodzi, pena ali ndi timizere momwe chitsulo chinkadutsa.

Kenako ukhudzeni ndi chikhadabo. Ukamakanda ngati mchenga, unali wa nkhwangwa, khasu ndi chikwanje, chifukwa umadya chitsulo msanga. Wosalala kwambiri unali womalizira mpeni kapena lumo. Thiranipo madzi pang'ono n'kukhuzapo mpeni wakale: madziwo akada, ndiye kuti mwalawo ukudyadi chitsulo.

Musasokoneze ndi ya m'mahadiweya ija ya mbali ziwiri, ina yokhakhala ina yosalala. Imeneyo ndi ya kufakitale. Yambiri ndi ya carborundum, yomwe Edward Acheson anatulukira ku America mu 1891. Wachilengedwe suoneka mofanana paliponse, umakhala ndi timitsempha kapena timadontho. Ukapezeka wachikasu, wosalala ngati sopo, mwina ndi coticule wa ku Belgium, wonolera malezala ometera. Wanona ndi mafuta akale, ungakhale wa ku Arkansas.

Lilongwe inakhala likulu mu 1975, koma ma Area ambiri akhala pamabwinja ndi minda ya makolo. Mukamakumba maziko n'kupeza mwala wotere pamodzi ndi mapale kapena zitsulo zakale, musauswe. Jambulani ndi foni pomwe ulipo, n'kudziwitsa a Department of Museums and Monuments.

Wa agogowo utsukeni ndi madzi okha, osaupala ndi galayinda. Ukhoza kunolabe mipeni ya adzukulu anu.