Mitundu m'zithunzi za nyumba

Pojambula nyumba, wojambula amasankha ngati chithunzi chituluke ndi mitundu yonse imene maso amaona kapena chikhale chakuda ndi choyera chabe. Kusankhaku n'kofunika chifukwa anthu ambiri amadziwa nyumba zotchuka kudzera pa zithunzi, osati poziyendera okha. Zimene wojambula wachotsa pachithunzi, anthuwo sadzaziona.

Mbiri

Poyamba panalibe chosankha. Chithunzi chakale kwambiri cha kamera chimene chilipobe ndi cha Nicéphore Niépce, cha m'chaka cha 1826 kapena 1827, ndipo chimaonetsa madenga ndi makoma ku Le Gras m'dziko la France. Njira yojambulira zamitundu ya Autochrome inafika pamsika mu 1907, ndipo filimu ya Kodachrome inatuluka mu 1935. Komabe magazini a zomangamanga anapitiriza kusindikiza zakuda ndi zoyera kwa zaka zambiri chifukwa kusindikiza mitundu kunali kodula.

Zimenezi zinasocheretsa owerenga. Ambiri anayamba kuganiza kuti nyumba zamakono za ku Ulaya za m'ma 1920 zinali zoyera zokhazokha. Koma nyumba za anthu ogwira ntchito zimene Le Corbusier analemba mapulani ake ku Pessac, pafupi ndi Bordeaux, zinapakidwa penti wobiriwira, wabuluu ndi wofiirira. Nyumba ya Bruno Taut pa chionetsero cha Weissenhof ku Stuttgart mu 1927 inalinso ya mitundu yowala. M'magazini zonsezi zinkangooneka zotuwa.

Zakuda ndi zoyera

Mitundu ikachoka pamatsala mizere, kuwala ndi mthunzi. N'chifukwa chake njirayi imayenerana ndi nyumba za konkireti, miyala kapena zitsulo, zimene kukongola kwake kuli m'kaumbidwe. Lucien Hervé, wobadwira ku Hungary, anajambula nyumba ya Unité d'Habitation ku Marseille mu 1949, ndipo Le Corbusier atakopeka ndi zithunzizo anamutenga kukhala wojambula wake. Hervé ankakonda mthunzi wakuda bii ndiponso kujambula kachigawo chabe ka khoma kapena masitepe.

Bernd ndi Hilla Becher a ku Germany anachita zosiyana. Kuyambira mu 1959 ankajambula mathanki amadzi ataliatali ndi ng'anjo za m'mafakitale kunja kuli mitambo, kuti pasakhale mthunzi waukulu. Kenako ankandandalika zithunzizo pamodzi kuti munthu ayerekeze kaumbidwe ka thanki ili ndi ilo popanda dzimbiri kapena penti kumusokoneza.

Vuto la njirayi ndi lakuti mitundu iwiri yosiyana ingathe kutuluka yotuwa mofanana. Khoma la njerwa zofiira limene kumbuyo kwake kuli masamba obiriwira likhoza kumira m'masambawo. Ojambula a filimu amaika galasi lamtundu kutsogolo kwa kamera pofuna kuthetsa zimenezi: galasi lofiira limawalitsa njerwa n'kudetsa thambo labuluu.

Zamitundu

Pali nyumba zimene mtundu ndi mbali ya pulani yeniyeniyo. Chitsanzo chodziwika ndi Luis Barragán wa ku Mexico, amene analandira mphoto ya Pritzker mu 1980. Nyumba yake ya ku Mexico City, yomangidwa mu 1948, ili ndi makoma apinki ndi achikasu, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 2004. Kujambula nyumba yotere popanda mitundu n'kutaya zambiri mwa zimene mwiniwake ankafuna kuti anthu aone. Mitundu imafunikanso pamene chithunzi ndi umboni, monga pokonzanso nyumba yakale kapena pogulitsa nyumba.

Zamitundu zili ndi mavuto akenso. Kuwala kwa dzuwa ndi kwa mababu sikufanana, moti chipinda chikhoza kutuluka chachikasu pamene pawindo pali pabuluu. Galimoto yofiira kapena chikwangwani cha malonda imakopanso maso msanga kuposa nyumbayo.

Nyumba imodzi, zithunzi ziwiri

Mu 1960 Julius Shulman anajambula Stahl House, yotchedwanso Case Study House No. 22, imene Pierre Koenig analemba pulani yake pa phiri la ku Los Angeles. Chithunzi chakuda ndi choyera chimaonetsa amayi awiri atakhala m'chipinda cha magalasi usiku, magetsi a mzinda ali ngwee kunsi kwawo. Shulman anajambulanso nyumbayi m'mitundu, koma chimene chinatchuka kwambiri ndi chakuda ndi choyeracho. Mwa icho mizere ya denga imalondolana ndi mizere ya misewu, ndipo palibe mtundu wa mpando kapena chovala umene ukulanda maso.

Masiku ano

Makamera ambiri a digito, ngakhale a m'mafoni, amasunga mitundu yonse, ndiye wojambula akhoza kusankha pambuyo pake pa kompyuta, makamaka ngati wasunga chithunzi monga fayilo ya RAW. Ena safuna kudikira. Kampani ya Leica inatulutsa kamera ya M Monochrom mu 2012, imene sijambula mitundu n'komwe, ndipo Hélène Binet, amene wajambula nyumba za Zaha Hadid ndi Peter Zumthor, amadziwika chifukwa chogwiritsa ntchito filimu, nthawi zambiri yakuda ndi yoyera.