Tsiku limodzi ku Efeso, mzinda umene nyanja inauthawa

Basi imanyamuka m'mamawa ku Kuşadası, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kumadzulo kwa dziko la Turkey. Ola lisanathe, alendo amakhala atatsika pachipata cha Ephesus, mzinda umene owerenga Baibulo timaudziwa kuti Efeso. Kalata ya Paulo kwa Aefeso tinayamba kuimva tili ana, koma ndi angati mwa ife anaganizapo zoti misewu ya mzindawo ilipo ndithu, ndipo munthu angathe kuipondamo lero?

Operekeza alendo amakonda kuyambira kuchipata chakumtunda kuti gulu liziyenda chotsetsereka, poti dzuwa la kuno likakwera silimvera chisoni. Msewu ndi woyala miyala yoyera, yoterera chifukwa cha mapazi a mibadwo. Woperekeza amaloza mapaipi adothi amene ankabweretsa madzi mumzinda, zimbudzi zimene pansi pake pankayenda madzi otsuka, ndi nyumba za anthu olemera zomwe zithunzi za m'makoma mwake zikuonekabe. Kumunsi kwa msewuwo kwaima laibulale ya Celsus, imene mwana anamangira bambo ake omwalira m'nthawi ya Aroma. Inkasunga mipukutu pafupifupi 12,000. Khoma lake lakumaso linagwa kalekale, ndipo akatswiri ofukula zakale analidzutsanso pakati pa 1970 ndi 1978.

Pamene gulu limakhalitsa ndi pabwalo lalikulu la masewero, losemedwa m'mbali mwa phiri, lokwana anthu pafupifupi 25,000. Apa m'pamene panachitikira chipolowe cha m'chaputala 19 cha Machitidwe a Atumwi. Demetriyo, mmisiri wosula siliva, ankapeza chuma popanga tiakachisi ta mulungu wamkazi Artemis. Ataona kuti ulaliki wa Paulo ukumuthyolera malonda, anamemeza amisiri anzake, mzinda wonse n'kukhamukira m'bwaloli. Anafuula kwa maola awiri. Paulo anafuna kulowa, koma abale anamuletsa. Mlendo akaima pansi n'kulankhula, mawu amamveka mpaka m'mipando yakutali, ndipo umangoganiza kuti phokoso la tsikulo linali lotani.

Ukakwera pamwamba pa bwaloli umaona msewu waukulu umene unkapita kudoko. Lero umathera m'dambo. Mtsinje wa Cayster, umene tsopano umatchedwa Küçük Menderes, unkakokolola dothi chaka ndi chaka n'kumalikhuthulira padoko. Anthu ankakumba, matope ankabweranso, mpaka zombo zinaleka kufika. Zivomezi ndi nkhondo zinaupweteka mzindawu, koma chimene chinautsiriza ndi matope. Nyanja tsopano ili pamtunda wa makilomita angapo.

Nanga kachisi wa Artemis, amene Demetriyo ankamenyera nkhondo? Anali chimodzi mwa zodabwitsa zisanu ndi ziwiri za dziko lakale, wa nsanamira zoposa 100. Anakwiririka mpaka anthu kuiwala pamene anali, kufikira Mngelezi John Turtle Wood atamupeza mu 1869 atafunafuna zaka zisanu ndi chimodzi. Chimene alendo amaona lero ndi nsanamira imodzi yolumikizalumikiza, itaima pamalo alowe, adokowe atamanga chisa pamwamba pake. Apa basi sichedwa. Chapafupi, m'tauni ya Selçuk, pali mabwinja a tchalitchi chimene mfumu Justinian inamanga pamalo amene amati ndi manda a mtumwi Yohane, ndipo kumunsi kwake kuli mzikiti wa İsa Bey wa mu 1375.

Ulendo umathera paphiri la Bülbül, pakanyumba kamiyala kobisika m'mitengo. Ansembe a chipani cha Lazarist anakapeza mu 1891 potsatira masomphenya a sisitere wa ku Germany, Anne Catherine Emmerich, amene sanapondeko kuno. Ambiri amakhulupirira kuti Mariya, amayi ake a Yesu, anakhala muno m'masiku awo otsiriza, atabwera ndi Yohane. Mpingo wa Katolika sunagamule kuti zimenezi n'zoona, komabe apapa atatu anafikapo: Paul VI mu 1967, John Paul II mu 1979 ndi Benedict XVI mu 2006.

Kuno woperekeza amatsitsa mawu. M'kati saloleza kujambula. Akhristu ndi Asilamu, amene nawonso amalemekeza Mariya, amaima pamzere umodzi, kulowa mwakachetechete n'kutulukira khomo lina. Panja ena amatunga madzi a pakasupe, ena amamangirira timapepala ndi tinsanza ta mapemphero awo pakhoma lodzaza kale.

Bungwe la UNESCO linaika Efeso pamndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2015, ndipo n'zoyenera. Koma pobwerera ku Kuşadası madzulo, chimene chimakutsalira mumtima ndi kusiyana kwa malo awiri aja. Pakachisi amene mzinda wonse unamufuulira maola awiri, anthu amajambula nsanamira n'kukwera basi. Pakanyumba kakang'ono ka paphiri, amadikira pamzere kuti alowe akapemphere.