Kagulugufe ka Matimati Sikadziwa Malire

Mlimi wa m'dimba akaona mawanga oyera pa masamba a matimati, kawirikawiri amathamangira kukagula mankhwala. Komatu pofika nthawi imeneyo mdani amakhala atabisala kale m'kati mwa tsamba, momwe mankhwala ambiri safika.

Mdaniyu ndi kagulugufe ka usiku kotchedwa Tuta absoluta. Kwawo ndi ku South America. Kanapezeka ku Spain m'chaka cha 2006, ku Tanzania mu 2014, ndipo pofika 2016 kanali katalowa ku Zambia, Mozambique ndi South Africa. Kuwonjezera pa kuuluka, kamafalikira kudzera m'mbande, m'matimati a malonda ndi m'makireti owoloka malire.

Kakakazi kamodzi kamatha kuikira mazira oposa 200. Mphutsi zikaswa zimaboola masamba, nsonga za mbewu ndi zipatso zomwe, ndipo nyengo ikakhala yotentha m'badwo watsopano umatuluka pafupifupi mwezi uliwonse. Dimba losasamalidwa lingathe kutheratu.

Chifukwa cha ichi, ntchito ya mlangizi iyambe mbewu zisanaokeredwe. Misampha yokhala ndi fungo la kagulugufe kakakazi imakopa tatimuna, motero imaulula kufika kwa mdani mawanga asanaoneke. Itcheredwe kuyambira ku nazale, ndipo togwidwa tiziwerengedwa ndi kulembedwa m'buku sabata iliyonse. Chiwerengero chikayamba kukwera, masamba ayenderedwe mosamala pofuna mazira ndi timphutsi tating'ono, pakuti mankhwala monga a nimu ndi Bacillus thuringiensis amagwira bwino pa msinkhu umenewu.

Kupopera mankhwala amodzimodzi mobwerezabwereza n'kumene kwachititsa kuti kachilomboka kapime mankhwala ambiri m'maiko osiyanasiyana. Kusintha dzina la pa botolo sikokwanira. Gulu la mankhwala ndilo liyenera kusintha m'badwo umodzi ukadutsa, ndipo nambala ya gululo imalembedwa pa mabotolo ambiri.

Ukhondo wa m'dimba nawo ndi wofunika. Masamba ndi zipatso zogwidwa zikwiriridwe mozama, mapesi azulidwe kukolola kukangotha, ndipo matimati asatsatane ndi mbatata ya kachewere kapena mabiringano, popeza kachilomboka kamadyanso mbewu zimenezi.

Dimba limodzi lotayiridwa limabwezera tigulugufe kwa alimi onse a m'dambo. N'chimodzimodzinso pakati pa maiko. Mlangizi wa ku Chipata akaona misampha ikudzaza, ndi bwino adziwitse anzake a ku Mchinji ndi ku Angónia sabata yomweyo, makireti asanawoloke.