WOTCHI YA GPS: IMADZIWA BWANJI MTUNDA UMENE MWATHAMANGA?

Masiku ano othamanga ambiri amavala wotchi imene imawauza makilomita amene athamanga, liwiro lawo, ndiponso njira imene adzera. Kodi kachipangizo kovala pamkono kangadziwe bwanji zonsezi? Tiyeni tione pamodzi.

GPS ndi chidule cha mawu akuti Global Positioning System. Eni ake ndi boma la America. Setilaiti yoyamba inatumizidwa mumlengalenga m'chaka cha 1978, ndipo pofika mu 1995 ntchito yonse inali itakhazikika ndi masetilaiti 24. Masetilaitiwa ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi pano, ndipo iliyonse imazungulira dziko kawiri pa tsiku.

Setilaiti iliyonse ili ndi wotchi yolondola kwambiri. Usana ndi usiku imaulutsa uthenga wonena pamene ili ndi nthawi imene uthengawo wanyamuka. Uthengawu umayenda pa liwiro la kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Wotchi yanu ikaulandira, imawerengera nthawi imene watenga panjira, n'kudziwa kutalika kwa pakati pa inu ndi setilaitiyo. Ikamva kuchokera ku masetilaiti osachepera anayi, imapeza malo amene mwaima. Mukayamba kuthamanga, imalemba malo anu pafupipafupi ngati madontho, kenaka n'kuphatikiza timitunda ta pakati pa madonthowo. Dziwani kuti pantchito imeneyi wotchi imangomvetsera basi. Situmiza kanthu kumwamba ayi, ndipo sifuna intaneti.

Poyamba asilikali a America ankasokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, mwakuti chipangizo chinkatha kuphonya ndi mamita 100. Mu May 2000 anasiya kutero, ndipo makampani anayamba kupanga zipangizo za amasewero. Mu 2003 kampani ya Garmin inatulutsa wotchi ya othamanga yotchedwa Forerunner. Mawotchi ambiri a lero amamvetseranso masetilaiti a Russia (GLONASS), a ku Ulaya (Galileo) ndi a China (BeiDou).

Nanga phindu lake n'chiyani? Choyamba, wotchi imaonetsa mphindi zimene mukutenga pa kilomita imodzi. Mwachitsanzo, pamene Eliud Kipchoge wa ku Kenya anathamanga makilomita 42.195 m'maola osakwana awiri ku Vienna mu 2019, ankatenga mphindi 2 ndi masekondi 50 pa kilomita iliyonse. Wongoyamba kumene akhoza kutenga mphindi 6 kapena 7, ndipo palibe chochititsa manyazi. Chachiwiri, imasunga makilomita a sabata yonse. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa ambiri amapweteka maondo ndi misongolo powonjezera mtunda mwadzidzidzi. Aphunzitsi ambiri amalangiza kuti owonjezera asapitirire kwenikweni kilomita imodzi pa makilomita 10 aliwonse a sabata yathayo. Akulu akale anati kuthamanga si kufika. Chachitatu, mawotchi ambiri ali ndi timagetsi tobiriwira kunsi kwake toyezera kugunda kwa mtima, choncho mumadziwa ngati mukudzipanikiza mopitirira muyeso.

Komabe wotchiyi imalakwitsa. Pansi pa mitengo yowirira, m'zigwa, ndi pafupi ndi nyumba zazitali, uthenga umatchingika kapena kunjanja pakhoma usanafike. Pabwalo lozungulira la mamita 400 imaphonyanso m'makona. Motero pabwalo loyezedwa kale khulupirirani bwalolo, osati wotchi. Ndi bwinonso kuima poyera kwa kanthawi musananyamuke kuti wotchi ipeze masetilaiti.

Pali chenjezo lina kwa makolo ndi achinyamata. Ambiri amatumiza mapu a njira zawo pa intaneti kudzera pa foni. Mu January 2018 kunapezeka kuti mapu a kampani ya Strava ankaonetsa malo a asilikali m'maiko ena, chifukwa asilikaliwo ankathamanga atavala zipangizo zotere. Ngati mapu anu amayambira pakhomo panu tsiku ndi tsiku, ndiye kuti mwauza aliyense kumene mumagona ndi nthawi imene mumachokapo. Atsekeni kuti aziona okhawo amene mumawadziwa.

Nanga amene alibe wotchi yodulayi atani? Asataye mtima. Mukazungulira bwalo la mamita 400 kasanu m'mphindi 10, mwathamanga makilomita 2, kutanthauza mphindi 5 pa kilomita. Pofuna kudziwa kugunda kwa mtima, gwirani mtsempha wa pamkono, werengani kwa masekondi 15, n'kuchulukitsa kanayi. Lembani zimenezi m'kope mukangomaliza kuthamanga, ndipo pakutha pa sabata muphatikize makilomita anu musanaganize zowonjezera mtunda.