Mtima wa pa bolodi sugunda

Mwana wa ku Mtiya, ku Zomba, amene akukonzekera mayeso a MSCE amaudziwa mtima monga momwe aphunzitsi amaujambulira ndi choko: zipinda zinayi, mivi yoloza uku ndi uko, ndi mayina achingerezi oti aloweze pamtima. Koma mukamufunsa chimene chimalira mukatsamiritsa khutu pachifuwa cha munthu, amangoti kakasi. Mlandu si wake. Mtima umamveka bwino ukamagwira ntchito, ndipo pa bolodi umangokhala chiimire.

Apa ndi pamene kanema wa makatuni wopangidwa pa kompyuta angathandize. Pulogalamu ya Blender, imene anthu amapangira makanema otere, ndi yaulere kuyambira 2002. Chovuta si kugula zida ayi, koma kulondoloza zimene mtima umachita.

Mtima wogunda ka 75 pa mphindi umatha kugunda kumodzi sekondi isanakwane. Kanema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi, ndiye kugunda kumodziko kumafuna zithunzi pafupifupi 19, ndipo chilichonse chiyenera kunena zoona. Kamphamvu ka magetsi kamayambira m'chipinda cha pamwamba cha kumanja. Zipinda ziwiri za pamwamba zimafinya magazi kutsikira m'munsi. Kenako pamakhala kadikiridwe kochepa kwambiri kuti za m'munsi zidzaze, zisanafinye zonse pamodzi: cha kumanja kutumiza magazi ku mapapo, cha kumanzere ku thupi lonse. Wojambula akaiwala kadikiridweko, waphunzitsa bodza. Akapaka magazi ena utoto wa buluu, anene poyera kuti ndi chizindikiro chabe, poti magazi onse ndi ofiira.

Nanga kulira kuja? Ndi mavavu akutsekeka kuti magazi asabwerere m'mbuyo, monga zimachitikira mu mjigo: kachitseko ka m'kati kakatha, mumapopa mpaka thukuta koma madzi amabwera pang'ono.

Matenda a mavavuwa ndiwo akupha ana athu mwakachetechete. Zilonda zapakhosi zoyamba ndi mabakiteriya zikapanda kuchizidwa, thupi polimbana nazo limatha kuwononga mavavu a mtima wake womwe. Mwanayo amayamba kupuma movutikira ndi kutupa miyendo. Madokotala amamulembera jakisoni wa penisilini wa mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri, ndipo kholo limene silinaone chimene chikuwonongeka m'katimo limatopa n'kusiya mwana akangooneka kuti wapeza bwino. Kanema wa mphindi ziwiri, wolankhula Chichewa, woonetsedwa kwa anthu odikira pamzere ku Zomba Central Hospital, angafotokoze zimene namwino wotanganidwa alibe nthawi yozifotokoza.

Akuluakulu nawonso nkhaniyi ndi yawo. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi Mmalawi wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa.

Zomba ili ndi zonse zofunika popanga kanemayu. Ku Chirunga, pa University of Malawi, kuli ophunzira za makompyuta, za luso lojambula ndi za zamoyo. Ku Domasi kuli Malawi Institute of Education yokonza maphunziro a m'sukulu zathu, komanso koleji yophunzitsa aphunzitsi. Tikupempha mbali zimenezi zikhale pansi pamodzi ndi madokotala a pachipatala chachikulu, zipange kanemayu m'Chichewa, ndipo akhale wopepuka moti n'kutumizika pa WhatsApp.